Nkhwayira za a Yotamu

Sunthirani kuno, musakhale patali ngati anthu odzapala moto. Inu a kumbuyoko kokerani kampandoko pafupi. Nkhaniyi si yokuwa ayi, mwini wake angamve.

Kwathu kuseri kwa Ntcheu kunali madala anayi amene anakulira pamodzi kuyambira nthawi imene ankayenda ndi malaya okha, kabudula asanamudziwe. Panali a Gelesomu, munthu wa pakamwa posatseka, woyamba kulankhula lero n'kudzaganiza mawa. Panali a Lomosi, mkulu wa mpingo, wamantha moti nyanga ya mbuzi ikaonekera pa zenera amayamba nyimbo. Panali a Bizaliele, mphunzitsi wopuma, amene ankayenda ndi kope m'thumba la jekete n'kumalembamo ulendo uliwonse umene anayiwa ayenda: tsiku, amene analipo, ndi amene anagwa m'matope. Wachinayi anali a Yotamu.

Chaka chilichonse chimanga chikalowa m'nkhokwe, tchire litapsa, madalawa ankanyamula makasu kupita ku dambo la Mphanjila kukakumba mbewa. Anthu ankawaseka kuti mbewa ndi za anyamata. Iwo ankayankha kuti mbewa sifunsa zaka za munthu. Koma kunena zoona, mbewa zinali chonamizira chabe. Chimene ankafuna ndi kukafika kumene kulibe mkazi, kulibe mdzukulu, kumene aphunzitsi amasanduka "iwe Biza" ndipo mkulu wa mpingo amatha kununkhiza fodya wa m'mphuno popanda womuona.

Tsono chaka chimenecho a Yotamu anatisiya, mvula ili pakati, chimanga chikumasula. Munthu ameneyu mukanamudziwa ndi makutu musanamuone ndi maso. Anali ndi nkhwayira zake za tayala, yakumanzere inaduka lamba kalekale, koma kukonza ankakana, ati yazolowera. Akamayenda inkalira kuti phwa, kenako n'kukhwekhwereza, tseee. Phwa, tseee. Ena amati anawaika nazo m'bokosi. Ine sindinasuzumiremo.

Nyengo ya mbewa itakwana, atatu otsalawo anagwirizana kuti ulendo usafe. M'mawa mwake a Gelesomu akumanga mbatata m'thumba, akazi awo a Nasibeko anaima pakhomo manja ali m'chiuno. M'nyumbamo munali mwana wawo Tiyanjane, amene anali atangochira kumene, ali m'chikuta ndi kakhanda.

"Inu bambo a Tiya, mundimve bwino. Muno muli khanda, mchombo sunagwe. Mupite nokha, mubwere nokha. Musanditengere za kutchire pakhomo pano."

"Ndikutengereni chiyani ine, nyalugwe?"

"Pakamwa panupo mpamene pamatola zinthu. Ndanena."

Njira ya ku Mphanjila imalambalala msitu wa kumanda. Anthu onse akafika pamenepo amavula chipewa n'kutseka pakamwa. A Lomosi anavula. A Bizaliele anavula. A Gelesomu nawo anavula, koma atayang'ana mitengo ija ili phee, mtima unawawawa pokumbukira kuti zaka zonsezi ndi iwo amene ankadzutsa a Yotamu pa tsiku ngati limeneli. Chisoni cha a Gelesomu sichidziwa kutuluka m'maso, chimatulukira pakamwa.

"Iwe Yotamu! Ulesi womwewo mpaka kumeneko? Dzuwa lakwera, tiye ku mbewa!"

A Lomosi anatsala pang'ono kugwetsa khasu.

"Gelesomu! Lavula! Lavula msanga!"

"Aaa, ndikungocheza naye. Kucheza n'kulakwa?"

Analavula ndithu, koma malovu sabweza mawu. M'msitumo njiwa imene imalira inangosiyira pakati. Anayenda. Atadutsa munda wa chinangwa, a Gelesomu anamva kumbuyo kwawo, chapatali ndithu, kanthu kakuti phwa. Anatembenuka. Njira yokhayokha, ndi fumbi. Anaganiza kuti ndi tsamba la nthochi likumenya linzake, ngakhale kuti pamalopo panalibe nthochi.

Patsogolo anakumana ndi mayi wina wosenza mtolo wa udzu, nkhope yachilendo, osati wa m'midzi yathu. Mayiyo anali woleredwa bwino. Anapatuka, natula mtolo, nagwada pambali pa njira.

"Mwadzuka bwanji agogo?" Anayamba ndi a Bizaliele. Anayankhana.

"Kaya agogo awa?" A Lomosi anayankha.

"Agogo awa, mwadzuka bwanji?" A Gelesomu anayankha, n'kuwonjezerapo za bondo lawo.

Madala anati aziyenda. Koma mayiyo sanadzuke. Anatembenukira kumanzere kwa a Gelesomu, pamene panalibe ngakhale chitsa, nawomba m'manja.

"Nanga agogo awa, mwadzuka bwanji?"

Kunali zii. Mayiyo anapendeketsa mutu ngati akumvetsera.

"Ndadzuka bwino, zikomo." Kenako anagwira pakamwa n'kuseka chamanyazi. "Iii, agogo inu! Ndine wapabanja ine!"

Anasenza udzu wake, napita akusekabe. Madala atatu anayang'anana. A Yotamu ali moyo sankadutsa mkazi pa njira osamufunsira, ngakhale wosenza nkhuni, ngakhale wopita kuchipatala.

"Ndi wamisala ameneyu," anatero a Bizaliele, mawu akutuluka mopyapyala.

"Eya, wamisala," anavomera a Gelesomu.

"Tibwerere," anatero a Lomosi.

"Tibwerere tidutsenso pamanda paja?"

A Lomosi anaganiza, nasankha dambo.

Ku Mphanjila ntchito inali yogawana kuyambira kale. A Gelesomu ndi a Lomosi kukumba una, a Bizaliele kupisa dzanja, a Yotamu kudikira pa mbuli, kabowo kaja kothawirako mbewa zikapanikizika. Ndipo pa ntchito imeneyi a Yotamu anali osathandiza. Ankakhala pa mbuli n'kumasimba nkhani za ku migodi kumene sanapiteko, mbewa zikudutsa pakati pa miyendo yawo.

Tsiku limenelo pa mbuli panalibe munthu. Anakumba una woyamba. Kapuku wonenepa anatulukira pa mbuli paja, nayenda pang'ono, naima, nadzutsa mphuno ngati wagunda khoma. Kenako anatembenuka n'kuthamangira yekha m'manja mwa a Bizaliele. Una wachiwiri chimodzimodzi. Mbewa zinkatuluka, n'kuona chimene zinkaona, n'kusankha kufa ndi khasu.

"Koma ndiye imfa imaphunzitsa ntchito," ananong'ona a Gelesomu.

"Khala chete iwe!"

Dzuwa lili paliwombo thumba linali litalemera kuposa zaka zonse. Koma palibe amene ankaseka. Anasonkha moto pansi pa mkuyu, natumbula mbewa n'kuzipana m'mipani kuti aziwambe, nakwirira mbatata m'phulusa. A Lomosi anapisa m'thumba la buluku kufuna kabotolo ka fodya kuti mtima ukhale pansi. Mulibe. Anapisa linalo. Mulibe.

"Biza, bweza fodya wanga."

"Ine ndi fodya tinasiyana kale."

"Gelesomu?"

A Gelesomu asanayankhe, kuseri kwa chulu kunamveka kuyetsemula. Osati kuyetsemula wamba ayi, koma kuja kwa katatu kotsatizana, komalizira ndi kubuula kwa munthu wokhutira, kumene mudzi wonse unkakudziwa. Palibe amene anapita kukaona. Patapita kanthawi a Lomosi anasuntha mwendo, napeza kabotolo kali pafupi ndi phazi lawo, kotseka bwinobwino, mulibe ngakhale fumbi.

"Wamaliza wonse," anatero a Lomosi, ndipo kwa kanthawi mkwiyo unaposa mantha. "Ali moyo chimodzimodzi! Sanagulepo wake munthu ameneyu!"

Pofukula mbatata, yaikulu ija imene a Gelesomu anaiika pambali kuti ndi yawo sinaoneke. Anatakasa phulusa lonse. Makoko ake anawapeza pa muzu wa mkuyu, atasanjidwa bwino, akadali ofunda.

A Bizaliele anatulutsa kope lawo, poti mwambo ndi mwambo. Analemba tsiku. Analemba kuti kunja kuli mphepo ya mwera. Atafika pa mzere wa amene analipo, cholembera chinaima.

"Anzanga, ndilembe kuti tinali angati?"

"Lemba atatu," anatero a Lomosi.

Kumanzere kwa a Gelesomu winawake anakonza kukhosi.

"Lemba anayi! Lemba anayi!" anakuwa a Lomosi omwewo.

Apa mpamene a Gelesomu anakumbukira khanda. Chinthuchi sichinali kumbali kwa a Lomosi, sichinali kumbali kwa a Bizaliele. Chinali kumbali kwa amene anachiitana. Iwo akapita kwawo, nacho chipita komweko, pakhomo pamene pali mwana wosagwa mchombo, amene ngakhale munthu wamoyo wochokera kumaliro samuyandikira. Anaona m'maganizo kakhanda kaja kakulira kosatonthola, liwombo likulowa. Anaonanso nkhope ya a Nasibeko, ndipo sanadziwe kuti choopsa kwambiri n'chiti.

"Anzanga, ndithandizeni. Ameneyu kwathu asakafike."

"Unamuitana wekha," anatero a Lomosi.

"Ndikudziwa. Tikamutule pamene tinamutenga."

Ananyamuka dzuwa litapendeka. Tsopano nkhwayira ija sinkabisalanso. Phwa, tseee. Phwa, tseee. Akaima, nayo imaima. Akafulumira, nayo imafulumira, ndipo pamwamba pake pamamveka kupuma kwa munthu wa chifuwa cha fodya. A Gelesomu ankayenda khosi lili gwa, diso lakumanzere atalitsinzina, poti pakona pa disolo pankaoneka kanthu kotuwa, kotalika ngati munthu, kamene kamasowa ukakayang'ana.

Atafika m'mphepete mwa msitu wa kumanda anavula zipewa. Anagwirizana kuti a Lomosi apemphere, poti ndi ntchito yawo. A Lomosi akachita mantha pemphero limatalika. Anayambira kwa Adamu. Pofika kwa Nowa a Bizaliele anali atasinthitsa mwendo kangapo. Pofika kwa Yona a Gelesomu anawagunda ndi chigongono.

"Fika kwa Yotamu, dzuwa likupita!"

"Ndiponso mtumiki wanu Yotamu, amene wafika pakwawo, akhale pompano, asasunthe. Amen."

"A Yotamu," anawonjezera a Gelesomu mwaulemu umene sanawapatsepo ali moyo, "mwafika, wawa. Tayenda bwino. Gonani."

Kunali zii. M'msitumo munagwa kanthambi. Madala anayang'anana, nayamba kuyenda monyang'ama, ngati akuba nkhuku. Anadutsa mtengo wa mpoza. Anadutsa chulu. A Lomosi anayamba kupuma bwino, mpaka anati, "Mwaona mphamvu ya pemphero?"

Phwa, tseee.

Abale anga, munaonapo madala atatu akuthamanga? A Bizaliele jekete ikuuluka, a Lomosi akuitana mayi awo amene anamwalira kalekale, a Gelesomu bondo lija laiwalika. Linali liwiro la mtondo wadooka, koma silinafike patali. Pa mlatho wa mitengo onse anagwira mawondo, akupuma ngati mvukuto. Kumbuyo kwawo winanso ankapuma chimodzimodzi, ndiponso ngati akudandaula.

"Mwina wakwiya kuti tamusiya chimanjamanja," anatero a Bizaliele. "Wagwira ntchito lero. Tikampatse gawo lake."

Anabwerera. Anasankha mpani wa mbewa zonona zokhazokha, nautsamiritsa pa mtengo wa m'mphepete, naikapo ndi chigubu cha thobwa wotsala. A Gelesomu anawomba m'manja.

"Gawo lanu ilo, akuluakulu. Idyani pompano mofatsa. Musavutike n'kuyenda."

Anachoka chobwerera m'mbuyo, maso ali kumsitu, mpaka a Lomosi anagwera mu ngalande. Atawadzutsa anamvetsera. Zii. Anayenda. Anafika pa mlatho. Anawoloka.

Phwa, tseee. Ndipo tsopano pamodzi ndi nkhwayirayo pankamveka kukukuta, kuja kwa munthu amene akutafuna mutu wa mbewa mosafulumira.

Anabwereranso. A Bizaliele anayesa kulankhula Chingerezi cha kusukulu, ati mwina amva kuti nkhani yafika pa boma. Sizinathandize. Anayesa kumwazikana, aliyense njira yake, koma palibe amene analola kuyenda yekha, ndiye anamwazikana atagwirana malaya. Uku ndi uku, manda ndi mlatho, mlatho ndi manda, mpaka kachisisira kanagwa. Munthu wina wa njinga ya makala anatulukira kutsogolo, naimba belu, nadutsa atatuwo, kenako anakhotetsa njinga mwadzidzidzi kuzemba malo opanda kanthu.

"Pepani madala, sindinakuoneni!" anakuwa akupita.

Miyendo inatha. Mdima unayamba kutsikira m'msitu muja moti panalibe wofunanso kuyandikirako. Anakokera mapazi mpaka pa mtengo wa mango wa pamphambano, pamene njira imagawikana kulowa m'mudzi. Kuchokera pamenepo nyumba ya a Gelesomu imaoneka. Utsi unkafuka pa khitchini. Ndipo m'nyumbamo khanda linkalira, kulira kwakuthwa kosalekeza, ngati lamva kale chimene chikubwera.

A Gelesomu anakhala pansi pa muzu.

"Ine pano sindidutsa. Lomosi, mutenge iwe. Kwanu kuli Baibulo lalikulu."

"Kwathu? Anandimalizira fodya, tsopano akandimalizire nyumba?"

"Biza, iwe umakhala wekha."

"N'chifukwa chake sindikufuna. Ndizicheza naye ndani akayamba za ku migodi?"

"Ndiye ndigona pompano. Mawa pompano. Mpaka mchombo ugwe, mpaka mwana ayende, mpaka akwatire."

Kumanzere kwawo udzu unali utagona pang'ono, ngati pali amene waima moleza mtima.

Ali choncho anaona munthu akubwera kuchokera m'mudzi, chitenje chomangira m'chiuno, mayendedwe a nkhondo. A Nasibeko. Anaima chapatali, poti mayi ameneyu mphuno yake imanunkhiza zinthu.

"Bambo a Tiya! Mwana wayamba kulira dzuwa likadalipo. Ine ndili pa mjigo ndakuonani ndi maso angawa, kumanda, pa mlatho, kumanda, pa mlatho. Anthu a imvi! Mukuperekezana ndi ndani?"

A Gelesomu anatsegula pakamwa kuti aname. Koma bodza silinatuluke. Anayang'ana pa udzu wogona paja. Anaona pamene chinthucho chaima: osati kumbuyo ngati chosaka munthu, osati kutsogolo ngati chofuna kukalowa m'nyumba, koma pambali, phewa ndi phewa, pamene amaima mwini mudzi akamatulutsa alendo ake.

"Biza," anatero pang'onopang'ono, "ife timapita kuti nthawi zonsezi?"

"Kumanda."

"Kwa ndani?"

"Kwa... kwawo kwa Yotamu."

"Tafika pakhomo pa munthu, tamupatsa moni, tamusiyira ndiwo, tatsazika. Iye atani? Angotiyang'ana tikupita ngati wopanda mwambo?"

A Bizaliele anagwira pachipumi. Kwathu kuno mlendo sachoka yekha, mwini khomo amamuperekeza. Ndipo woperekeza sabwerera mwa iye yekha, kumeneko n'kutaya mlendo pa njira. Amayendabe mpaka mlendoyo aime n'kumubweza. Madala atatu, ndi imvi zawo zonse, tsiku lonse ankangothawa munthu amene amadikira mawu amodzi okha.

"Ndiye mubwezeni msanga!" anatero a Nasibeko, atabwerera m'mbuyo pang'ono. "Mukudikira kuti ndimuphikire?"

A Gelesomu anaimirira, nasasa fumbi pa buluku, natembenukira kumanzere. Apa chinachitika chimene mudzi wathu sunachionepo: pakamwa pa a Gelesomu panauma. Mawuwo ndi apafupi, mwana aliyense amawadziwa. Koma anazindikira kuti akawanena, chaka chamawa pa mbuli padzakhaladi popanda munthu. M'nyumba muja khanda linakweza mawu.

"Iwe Yotamu," anatero potsiriza, ulemu wa mantha uja atausiya. "Wayenda mokwanira, mnzanga. Watiperekeza. Ife tafika, kwathu ndi apa. Bwerera pano."

Kunali zii. Mphepo ya mwera inaleka. Kenako panamveka kufwenthera kumodzi, kaya kwa fodya kaya kwa chiyani, ine sindidziwa. Udzu uja unadzuka.

Phwa, tseee. Phwa, tseee. Kulowera kumlatho.

A Lomosi, chimwemwe chitawakwera m'mutu, anakuwa: "Uyende bwino! Ukapereke moni kwa onse kumene—"

A Bizaliele anawatseka pakamwa ndi chipewa.

"Ukufuna abwere onse kudzayankha?"

M'nyumba muja kulira kunatsika, kunasanduka kudandaula, kenako kunatha. A Nasibeko anapumira m'mwamba, nayamba kuyala milandu: kuti a Gelesomu asamba panja, kuti agona m'khitchini ndi nkhuku, kuti mbewazo pakhomo pawo sizilowa. A Gelesomu sankamva. Anali ataima pakati pa njira, khutu lili kumlatho, kumene nkhwayira ija inkamveka pang'ono, pang'ono, ikukhwekhwereza yokha mu mdima.

"Koma kwada," anatero chapansipansi. "Ndipo maso ake aja sankaona bwino madzulo. Pa mlatho paja pali mtengo wina wovunda." Anavala chipewa, naponya phazi. "Ndingomufikitsa pa mlatho pokha, ndibwera pompano."

Kolala ya malaya inawagwira pakhosi. A Nasibeko anali atawadumphira, ndipo a Lomosi ndi a Bizaliele anagwira mkono uliwonse. Anawakokera kumudzi chobwerera m'mbuyo, zidendene zikulemba mizere m'fumbi, iwo akukuwabe cha kumdima:

"Yotamu! Ponda wakumanja! Wakumanzerewo ngovunda!"

Ndipo amene anali pa mjigo madzulo amenewo amalumbira kuti kutali, cha kumlatho, kunamveka chinthu cholemera chikugwera m'madzi kuti phava, kenako mawu a munthu wokalamba akutukwana.

Nkhani yanga yathera pamenepa. Musaisunge nokha ingachite nkhungu. Mukakumana ndi mnzanu wakale amene simunaonane naye nthawi yaitali, mukamukhazike pansi mumusimbireko, naye akasimbire wina.